Purosesa yojambulira zinthu za 3D ndalama zili zochepa: zoyenera kudziwa ku Tete kuno

Ntchito yojambula zinthu za 3D pakompyuta yafika ndithu kwathu kuno. Mmisiri wa matabwa ku Ulongwe amafuna kuonetsa kasitomala kabati isanakhomedwe. Wojambula mapulani a nyumba ku Moatize amapemphedwa chithunzi chooneka ngati nyumbayo yamangidwa kale. Ophunzira za uinjiniya ku Instituto Superior Politécnico de Tete amakumana ndi mapulogalamu a mtundu wa AutoCAD, ndipo achinyamata ena akudziphunzitsa okha pulogalamu ya 3D yotchedwa Blender pa YouTube. Onsewa akaganiza zogula kompyuta ya patebulo, funso lawo loyamba limakhala la purosesa, kachipangizo kamene kamawerengera zonse m'kompyuta, ndipo yankho limene amamva kawirikawiri m'masitolo ndi pa Facebook ndi lakuti "tengani i7" kapena "tengani ya ma core ambiri". Yankho limeneli limandiwawa mumtima, chifukwa ndalama za kompyuta kuno munthu amasonkhanitsa miyezi yambiri, wina mpaka kuikapo phindu la kachewere wa chaka chonse, kenako n'kugula chinthu chosagwirizana ndi ntchito yake.

Chiyambi cha nkhani ndi ichi: zimene timazitcha ntchito ya 3D ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo purosesa imazigwira mosiyana. Yoyamba ndi kuumba chinthucho, monga kukoka mizere, kukweza makoma, kuboola mawindo, kuzungulitsa chinthu kuti muchione mbali zonse. Yachiwiri ndi kurenda, pamene kompyuta imawerengera kuwala, mithunzi ndi maonekedwe a matabwa kapena galasi kuti itulutse chithunzi chomaliza. Munthu wa mapulani a nyumba kapena mipando amatha tsiku lonse pa ntchito yoyamba ija, yachiwiri amangoichita pomaliza.

M'kati mwa purosesa muli tizigawo totchedwa ma core, ndipo core iliyonse imawerengera payokha. Kurenda kuli ngati kuumba njerwa: anthu khumi okhala ndi zikombole khumi amaumba njerwa zochuluka kakhumi, chifukwa palibe wodikira mnzake. Chithunzi chimagawidwa tizidutswa, core iliyonse n'kutenga gawo lake. Koma kuumba chinthu pakompyuta kuli ngati kukweza ngodya ya nyumba: njerwa ya pamwamba siikhala ya pansi isanakhale, ndipo ngakhale aganyu atadzaza pamalopo, liwiro lake ndi la mmisiri mmodzi wogwira levulo. Mukasuntha khoma mu pulogalamu yojambulira nyumba ya SketchUp, pulogalamuyo iyenera kudziwa kumene khomalo lafika isanawerengere denga limene likutsamira pa khomalo. Masamu otere amayenda motsatizana, ndipo ambiri mwa iwo amagwera core imodzi. Ndi mmene zilili mu SketchUp, AutoCAD, SolidWorks ndi mbali yaikulu ya Revit. Ngakhale mu Blender, zambiri zimene mumachita posintha maonekedwe a chinthu zimadalira kwambiri mphamvu ya core imodzi.

Katswiri wa makompyuta Gene Amdahl anafotokoza malire amenewa m'chaka cha 1967, ndipo masamu ake aliyense akhoza kuwatsata. Tiyerekeze kuti ntchito ikutenga mphindi 60 pa core imodzi, ndipo theka lake silingagawidwe. Mukakhala ndi ma core 6, theka logawika lija limatsika kuchoka pa mphindi 30 kufika pa 5, ntchito yonse n'kutha mphindi 35. Mukawirikiza ma core kufika pa 12, mwangopulumutsa mphindi ziwiri ndi theka basi. Koma mukasiya ma core 6 omwewo n'kupeza purosesa imene core yake iliyonse ikuthamanga moposa ndi 20 peresenti, ntchito yonse imatha pafupifupi mphindi 29. Ndalama zochepa ziyenera kutsata njira yachiwiriyi.

Nanga mphamvu ya core imodzi mungaidziwe bwanji? Apa ndi pamene nambala ya GHz imasocheretsa anthu. GHz imangonena kuchuluka kwa maulendo amene purosesa imagunda pa sekondi, siinena kukula kwa ntchito imene imatha pa kugunda kumodzi. Purosesa ya kampani ya AMD yotchedwa FX-8350, ya 2012, inkalembedwa ma core 8 ndi 4.0 GHz, ndipo inkadya mawati 125. Ryzen 5 5600 ya 2022 ili ndi ma core 6, imayambira pa 3.5 GHz, imalembedwa mawati 65, koma imaisiya FX ija kutali pa ntchito iliyonse ya 3D. Chasintha ndi kapangidwe ka m'kati. Pamene AMD inkachoka pa kapangidwe ka Zen 2 kupita pa ka Zen 3 m'chaka cha 2020, inanena kuti ntchito yochitika pa kugunda kumodzi yakwera ndi 19 peresenti, ndipo umenewo unali m'badwo umodzi wokha. Choncho GHz ndi yofananizira mapurosesa a m'badwo umodzi, osati a zaka zosiyana.

Dzina lakuti i7, la mapurosesa ena a kampani ya Intel, nalonso silinena kanthu palokha. Core i7-3770 inatuluka mu 2012, ili ndi ma core 4. Core i3-12100 inatuluka mu 2022, nayonso ili ndi ma core 4, koma i3 imeneyi imaposa i7 ija kwambiri. Wogulitsa akangoti "ndi i7", mufunseni nambala yonse. Pa mapurosesa a Intel a mtundu umenewu, manambala oyambirira ndiwo m'badwo: 3770 ndi m'badwo wachitatu, 8500 wachisanu ndi chitatu, 12400 wa nambala 12. Chilembo cha kumapeto nachonso chili ndi uthenga. F pa Intel imatanthauza kuti purosesayo ilibe chojambulira zithunzi m'kati mwake, ndiye popanda khadi la zithunzi lapadera, chipangizo chozikidwa m'kompyuta chojambulira zooneka pa sikirini, sikiriniyo siiyaka n'komwe. K ndi yolola kuithamangitsa kupyola muyeso, imadula ndipo imatentha. T ndi yochepetsedwa mphamvu kuti ikwane m'timakompyuta tating'ono ta muofesi. Ku AMD, G ndi imene ili ndi chojambulira zithunzi champhamvu ndithu m'kati.

Pali chinthu china chimene chasintha nkhani yonseyi m'zaka zapitazi, ndicho chakuti kurenda kwasamukira ku khadi la zithunzi. Blender, imene ndi yaulere kuyambira 2002, ili ndi njira ziwiri zorendera. EEVEE, imene inabwera ndi Blender 2.80 mu 2019, imayendera khadi la zithunzi basi. Cycles imatha kuyendera purosesa kapena khadi, koma pa makhadi a NVIDIA a mtundu wa RTX, kudzera mu njira ya NVIDIA yotchedwa OptiX, imamaliza chithunzi mwachangu kuposa mmene purosesa ya mtengo wofanana ingachitire. Mapulogalamu oonetsera nyumba monga Lumion, Enscape ndi Twinmotion nawonso amadalira khadi. Tanthauzo lake kwa munthu wa ndalama zochepa ndi lakuti ntchito yokhayo imene inkafuna ma core ambiri yapeza woigwira wina. Metikali iliyonse imene mungaonjezere kuti muchoke pa ma core 6 kufika pa 12 ikanagwira ntchito yaikulu ikanapita ku khadi. Khadi ngati RTX 3060 ya 12 GB, yotuluka mu 2021, limakondedwabe ndi anthu a Blender chifukwa cha kukula kwa memori yake, pakuti chithunzi chikakula kuposa memori ya khadi, kurenda kumachedwa kwambiri kapena kukanika kumene.

Tsopano titchule maina. Purosesa siigulidwa yokha. Imabwera ndi soketi yake, malo amene imazikidwapo, soketiyo imasankha bolodi lalikulu limene ogulitsa mu Tete amati placa-mãe, ndipo bolodilo limasankha mtundu wa RAM, memori yogwirira ntchito ya kompyuta. Mtengo woyenera kuwerengera ndi wa zitatuzi pamodzi.

Kwa ine, malo abwino oyambira ndi soketi ya AM4 ya AMD. Yakhalapo kuyambira 2016, mabolodi ake monga B450 ndi B550 ndi ochuluka ngakhale pa msika wa zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo imayendera RAM ya mtundu wa DDR4. Pa soketi imeneyi, Ryzen 5 5600 ndiyo ndingaloze poyamba: ma core 6, ma thread 12 (core iliyonse imayendetsa mizere iwiri ya ntchito), cache ya L3 ya 32 MB (memori yachangu ya m'kati mwa purosesa), ndipo ya m'bokosi imabwera ndi fani yake. Wofuna kurenda pa purosesa nthawi zina, kapena wochita zoyerekezera madzi, utsi ndi nsalu mu Blender, akhoza kukwera pa Ryzen 7 5700X ya ma core 8, imene nayonso imalembedwa mawati 65, koma akumbukire kuti iyi ilibe fani m'bokosi. Ryzen 5 3600 ya 2019 ikapezeka yotsika mtengo kwenikweni ndi yogwirabe ntchito, ngakhale core yake ndi yofookerapo. Ryzen 5 5500 imaoneka ngati mphwake wa 5600, koma cache yake ndi theka ndipo imathera pa PCIe 3.0, njira yakale komanso yochedwerapo yolumikizirana ndi khadi, choncho igulidwe pokhapokha kusiyana kwa mtengo kuli koonekeratu.

Ku Intel, mnzake wa 5600 ndi Core i5-12400F ya 2022, ma core 6 ndi ma thread 12, pa soketi ya LGA1700. Core yake imodzi ndi yamphamvu bwino kwa anthu a SketchUp ndi AutoCAD. Mabolodi a soketi imeneyi alipo a DDR4 ndi a DDR5, ndipo kawirikawiri bolodi limodzi sililandira mitundu yonse iwiri, ndiye muonetsetse musanagule RAM. Thumba likafupika kwambiri, i3-12100F si yochititsa manyazi, imaumba bwino lomwe, kungoti pa kurenda imachedwa. Dziwaninso kuti kuyambira m'badwo wa 12, Intel imasakaniza ma core amphamvu ndi ang'onoang'ono m'mapurosesa ake ambiri. I5-13400 imalembedwa ma core 10, koma amphamvu ndi 6, enawo 4 ndi othandizira.

Soketi yatsopano ya AMD, AM5, inabwera mu 2022 ndipo imafuna DDR5 basi. Ryzen 5 7600 ndi yamphamvu kuposa zonse ndatchulazi pa core imodzi, ndipo bolodi lake lidzalandira mapurosesa atsopano kutsogoloku. Ngati kusiyana kwa mtengo wa zitatu zija kuli kochepa pa tsiku logula, itengeni. Koma ngati kuitenga kukutanthauza kuchepetsa RAM kapena kutsika pa khadi, AM4 kapena 12400F ikupatsani kompyuta yabwino kuposa pamenepo.

Ambiri sangathe kugula khadi tsiku lomwelo, ndipo amenewo ndi amene Ryzen 5 5600G ya 2021 inapangidwira. Imayatsa sikirini yokha, ndipo kuumba mipando, nyumba yogona kapena kuphunzira Blender imakwanitsa. Kuipa kwake ndi kwakuti cache yake ndi 16 MB, imathera pa PCIe 3.0, imabwereka RAM ya kompyuta kuti ijambulire, ndipo kurenda kwa Cycles kumagwera purosesa yomweyo. Komabe kuyamba ntchito lero ndi 5600G n'kudzagula khadi mutalandira malipiro a mapulani angapo ndi nzeru yabwino kuposa kudikira chaka mulibe chogwirira ntchito.

Misampha iwiri ndi yofunika kuikhalira pansi. Woyamba ndi ma Xeon akale a m'maseva, amene amagulitsidwa pa intaneti pamodzi ndi mabolodi otchedwa X99. Xeon E5-2680 v4 ya 2016 ili ndi ma core 14 ndipo mtengo wake ndi wokopa kwambiri. Koma core yake imayambira pa 2.4 GHz, siipyola 3.3 GHz, ndipo kapangidwe kake ndi kakale, ndiye pa ntchito youmba ija imagonja kwa i3 ya 2022. Mabolodi ake ambiri ndi opanda dzina lodziwika, ndipo akafa mulibe koloza. Msampha wachiwiri ndi makompyuta opuma pantchito m'maofesi, monga Dell OptiPlex ndi HP EliteDesk ang'onoang'ono aja. Ndi olimba, ndipo pa ntchito ya muofesi ndi abwino. Vuto ndi lakuti bokosi lawo ndi lopapatiza, fonte yawo yogawira magetsi ndi yochepa mphamvu ndipo nthawi zambiri mawaya ake ndi a kampaniyo yokha, choncho khadi lalikulu silikwana komanso lilibe podyera magetsi. Ngati mukutenga yotere, ikhale ya bokosi lalikulu ndipo purosesa yake isatsike pa m'badwo wachisanu ndi chitatu. Chifukwa chake ndi Windows: Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imayambira pa Intel ya m'badwo wa 8 ndi Ryzen 2000 kupita m'mwamba. Blender imayenda bwino pa Linux, imene mungaike m'malo mwa Windows, koma AutoCAD, Revit ndi SolidWorks sizinapangidwire Linux.

Wina akakubweretserani i7 kapena i9 yogwiritsidwa kale ntchito ya m'badwo wa 13 kapena 14 pa mtengo wokoma, chenjerani. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ena a mibadwo imeneyi ankalandira magetsi opyola muyeso n'kumaonongeka pang'onopang'ono. Inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS, pulogalamu yokhala m'bolodi lenilenilo, ndipo inaonjezera zaka ziwiri pa chitsimikizo, koma purosesa imene yaonongeka kale siichira, ndipo kubweza katundu kuchokera ku Tete si nkhani yophweka.

Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu okhala m'zipinda zozizira, ndiye pali mbali imene ife tiyenera kuiganizira tokha. Mzinda wa Tete, m'chigwa cha Zambezi, ndi umodzi mwa malo otentha kwambiri mu Mozambique, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Fani ya purosesa siipanga kuzizira, imangosamutsa kutentha kupita ku mpweya wa m'chipinda. Mpweyawo ukakhala wotentha kale, purosesa imafika msanga pa malire ake, amene pa mapurosesa ambiri a masiku ano ali pakati pa madigiri 90 ndi 100, ndipo ikafika pamenepo imadzichepetsera liwiro kuti isapse. Munthu amene wagula purosesa ya mawati 125 n'kuiika pansi pa fani yaing'ono walipira liwiro limene sadzaliona masana. N'chifukwa chake ndikulimbikira za mawati 65. Komanso nambala imeneyo si denga: 12400F imalembedwa 65 koma ikalimbikira ntchito imaloledwa kufika pa 117. Wokhala ku mapiri a Angonia kapena Tsangano, kumene kumazizira, fani ya m'bokosi imukwanira. Wa mu Tete, Moatize kapena Changara agule fani yaikulu yoima ngati nsanja, ya timapaipi tamkuwa, ndi bokosi lolowa mpweya kutsogolo. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kukwera purosesa, koma phindu lake limaoneka tsiku lililonse. Fumbi la chilimwe, ndi la malasha kwa a ku Moatize, limatseka mipata ya fani mwakachetechete. Kompyuta ikhale pamwamba osati pansi, ipemereredwe fumbi kawirikawiri, ndipo phala loika pakati pa purosesa ndi fani lisinthidwe likauma.

Magetsi ndi nkhani ina. Damu la Cahora Bassa ku Songo, la mamegawati 2,075, lili m'chigawo chathu chomwechi, koma aliyense wa kuno amadziwa kuti magetsi a m'nyumba amathima ndi kubwerera mwadzidzidzi, makamaka nthawi ya mvula ndi ziphaliwali. Chimene chimavulala kawirikawiri ndi fonte ndi bolodi, ndipo fonte yachabechabe ikamafa imatha kutenga zina zonse. Musachepetse ndalama pa fonte kuti mukwere purosesa. Ya mawati 550 kapena 650 ya kampani yodziwika imakwanira purosesa ya ma core 6 ndi khadi lapakatikati. UPS yaing'ono, bokosi la batire loyendetsa kompyuta magetsi akathima, yongokupatsani mphindi zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwino, ndi mbali ya mtengo wa kompyutayo. Ndipo popeza timagula mayuniti a Credelec, kudya kwa magetsi kumamveka m'thumba: kompyuta yokoka mawati 300 ikarenda maola 10 yadya mayuniti atatu, pamene khadi lomaliza chithunzi chomwecho mofulumira limadya ochepa ngakhale likukoka mawati ambiri pa nthawi yochepayo.

RAM isatsike pa 16 GB, ndipo 32 GB ndi imene Blender imalimbikitsa pa ntchito yeniyeni. Ikhale timitengo tiwiri tofanana, monga 8 ndi 8 kapena 16 ndi 16, chifukwa purosesa imawerenga mbali ziwiri nthawi imodzi. Pa 5600G, kamtengo kamodzi kamafooketsa kwambiri chojambulira zithunzi. Windows ndi mapulogalamu zikhale pa SSD, disiki yachangu yosungira mafayilo.

Pogula, ena amaitanitsa ku Maputo kapena Beira n'kulipira pa M-Pesa kapena e-Mola, ena amadalira obwera kuchokera ku Johannesburg, ndipo a ku Angonia amaona kuti Lilongwe ndi pafupi kudzera pa Calomue ndi Dedza, monga a ku Moatize amaonera Blantyre kudzera pa Zobue. Kulikonseko, phatikizani thiransipoti ndi msonkho wa pachipata, funsani chitsimikizo cholembedwa, ndipo funsaninso kuti chikafa mudzabweza kwa yani. Purosesa ya AM4 ili ndi timapini pansi pake, tiyang'aneni pa kuwala ngati palibe topindika. Pa LGA1700 ndi AM5 timapinito tili mu soketi ya bolodi, ndiye yang'anani mmenemo. Bolodi la B450 limafuna BIOS yatsopano kuti lizindikire Ryzen 5000, choncho wogulitsa aliyatse ndi purosesa yanuyo inu mukuona, musanapereke ndalama.

Kompyuta ikayaka, tsegulani CPU-Z, pulogalamu yaulere, muone ngati dzina la purosesa likugwirizana ndi limene mwauzidwa, komanso ngati RAM ikuyenda mbali ziwiri. Kenako yendetsani Cinebench, pulogalamu yoyesa mphamvu ya purosesa, kwa mphindi khumi uku pulogalamu ya HWiNFO ikuonetsa kutentha, ndipo muyang'ane zotsatira ziwiri, za core imodzi ndi za ma core onse. Ngati ntchito yanu ndi ya Blender, tsamba la Blender Open Data limaonetsa mmene mapurosesa ndi makhadi osiyanasiyana amachitira pa mayeso ofanana, ndipo mukhoza kufananiza musanachoke n'komwe kunyumba. Tenganinso pa fulashi fayilo yanu yolemera kwambiri, nyumba kapena kabati imene imavutitsa kompyuta yanu yakale, muitsegule pamenepo, muizungulitse, musunthe khoma. Ngati n'kotheka mayeso onsewa achitike masana dzuwa likuswa mtengo, osati m'mawa kukadali kozizira.